Mabotolo Asanu a Lachinayi

Ivone anaviika kaudzu mumgolo woyamba, nadonthezera dontho limodzi papepala loyera, n'kuliika padzuwa. Anachita chimodzimodzi ndi mgolo wachiwiri ndi wachitatu. Kenaka ananjuta n'kumayang'anitsitsa timapepala titatuto ngati munthu wodikira yankho la kalata.

Linali Lachitatu m'mawa, m'chilimwe cha 1995, kuseri kwa sitesheni ya sitima ku Cuamba, pabwalo la che Ibraimo, mwini migolo ya gazolina, mafuta a galimoto ndi njinga zamoto.

"Mtsikana iwe umandichotsa ulemu," anatero che Ibraimo akudzikupiza ndi chipewa. "Amuna a ndevu zawo amabwera pano, amagogoda mgolo, amanyamula, amapita. Iwe umabwera ndi mapepala ngati wa pamalire."

"Amuna a ndevuwo njinga zawo zimatsokomola, che Ibraimo."

Madontho awiri anauma osasiya kanthu. Dontho la mumgolo womaliza linasiya banga la mafuta, ngati pamene panagona chitumbuwa.

"Umu muli palafini."

"Mgolowo unatsika sitima uli choncho! Ndikulumbira..."

"Musalumbire, kudakali m'mawa. Nanga pa iwiri yatsalayi, wa supa ndi uti?"

"Yonse ndi ya supa."

"Ndiye kwerani."

Che Ibraimo anang'ung'udza, koma kachitidwe ka mtsikanayu ankakadziwa. Ivone anathira kapu imodzi ya mumgolo woyamba m'thanki youma ya njinga yamoto yakale ya pabwalopo. Mwini wake anakwerapo ndi mimba yake yonse, thumba la mchere kumbuyo, nalunjika kamtunda kokwera kunjanji. Ivone ankathamanga pambali, khutu lili cha ku injini. Pakati pa mtunda anamva chimene ankachiwopa: ngo-ngo-ngo wapansipansi, ngati misomali yogwedezeka m'chitini. Anakhuthula, nathira wa mumgolo wachiwiri. Ulendo uno njinga inakwera ndi mawu amodzi mpaka pamwamba.

Zimenezi anamuphunzitsa malemu bambo ake, amene anali makanika nkhondo isanawathamangitse. Ankati gazolina wa supa ndi wodekha, amadikira moto wa vela, kachitsulo koyatsira kaja. Wotsika ndi wopupuluma, amayaka nthawi yake isanakwane, ndiye injini imadzimenya yokha m'kati. Ankatinso mankhwala otsuka injini, ngati alimo, amathiramo opanga gazolinawo, ndipo sawoneka ndi maso. Umawadziwa patapita miyezi, ukamasula vela n'kuipeza yoyera.

"Ndatenga wachiwiriwu," anatero Ivone akupuma wefuwefu. "Akweze msanga. Galimoto ya a Eusébio inyamuka pompano."

"Pompano uti? Eusébio akudikira malata ake, ndipo ngolo ya sitima imene muli malatayo sanaitsegule. Mukanyamuka masana, muthokoze Mulungu."

Ivone anaima chilili. Anayang'ana dzuwa, nayang'ana msewu wa ku Mandimba. Mawa linali Lachinayi.

Anali ndi zaka makumi awiri, ndipo chinsinsi anali nacho chimodzi chokha, koma chinkamulemera kuposa mgolo wodzaza.

Chibwerere kuchokera ku Malawi, kumene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri mumsasa wa othawa nkhondo, kumenenso anasiya manda a bambo ndi mayi ake, ankakhala ku Mandimba kwa mkulu wake Margarita ndi alamu ake a Abílio. Nyumba yawo yakale anaipeza itamera mitengo m'kati. Denga limene ankagona pansi pake tsopano anakhoma ndi a Abílio. Kutsogolo kwa nyumbayo, m'mphepete mwa msewu, kunali thebulo la mabotolo otsekera ndi zitsononkho, ndipo wokhala pathebulopo anali Ivone.

A Abílio ankatuma Ivone ku Cuamba chifukwa sankafuna kupusitsidwa. Kupusitsako ankafuna kuchita okha. Mgolo ukafika ankatseka chitseko cha kuseri, n'kuthira chigubu chimodzi cha palafini pa zigubu zitatu za gazolina. Pamwamba pake ankadonthezera mafuta ofiira a m'chitini chimene anatola m'galimoto ya asilikali yowolera m'tchire. Anthu obwerera kwawo ankati kumene anathawira anawona kuti gazolina wamphamvu amakhala wofiira, choncho posankha botolo ankalitukula padzuwa, ndipo lofiiritsa ndilo linkayamba kutha. A Abílio ankati kufiirako ndi mankhwala otsuka injini ochokera kutali, amene wina aliyense ku Mandimba analibe. Njinga zikamatsokomola, eni ake ankaloza fumbi, ena ukalamba wa njinga, enanso afiti. A Abílio ankangoloza njinga ya Feliciano.

Feliciano anali woyendetsa njinga yamoto ya kuchipatala. Lachinayi lililonse ankanyamula namwino, Dona Lúcia, ndi bokosi la katemera kupita kumidzi ya ku Ngauma. Tsiku loyamba limene anaima pathebulo paja anavula chipewa asanapereke moni, chinthu chimene wogula aliyense anali asanachitepo. Fumbi linali litamuyeretsa nsidze ngati nkhalamba, koma maso ake ankaseka. Ivone anatambasula dzanja kuti atenge botolo, dzanja linakana. Ananama kuti mabotolowo anali ogula kale, nalowa m'nyumba, nakapopa mumgolo umene alamu ake anali asanaukhudze.

Chiyambire tsikulo, mgolo watsopano ukafika, Ivone ankapopa chigubu chimodzi alamu ake asanatseke chitseko, n'kukachibisa m'nthochi kuseri kwa bafa. Lachinayi m'mamawa ankadzaza mabotolo asanu, lililonse n'kulidonthezera kadontho kamodzi kofiira kuti lifanane ndi anzake, n'kuwabisa m'dengu pansi pa thebulo. Feliciano sankadziwa kanthu. Njinga yake inkakwera mapiri ikuimba, ndipo iye, poti anali munthu woyamika, ankauza aliyense pamsika, pamalire, ngakhale potuluka m'tchalitchi, kuti mankhwala a a Abílio alibe mnzake. Ivone ankazimva zonsezi, chowonadi akuchidziwa. Komabe Lachinayi likafika, dzanja lake linkalowanso m'dengu.

Awiriwa anali asanalankhulepo china choposa moni, mvula ndi maenje a mumsewu. Koma m'mutu mwa Ivone munali mutamangidwa kale nyumba yaing'ono ya mazenera awiri, ndi msomali pakhoma wopachikapo chipewa.

Tsopano chigubu cha m'nthochi chinali chitauma. Mabotolo otsala pathebulo anali a pansi pa mgolo, amene a Abílio anawasungunula kawiri kuti afikire katundu watsopano. Ndipo ulendo wa mawa sunali ngati maulendo ena. Kuseri kwa mapiri a ku Ngauma, m'midzi imene anthu anali atangobwereramo, kunagwa chikuku. Madzi oundana a m'bokosi la katemera sankapirira kupitirira masana. Sabata yatha Feliciano, akutseka thanki, ananena mopanda kuseka: "Ulendo umenewo ndikaulephera, achemwali, njingayi andilanda. Alipo atatu akuiyang'ana ndi diso limodzi."

Galimoto inanyamuka dzuwa litapendeka. Inasenza malata, zitseko ziwiri, makasu, mbuzi, mgolo wa Ivone, ndi anthu amene anatsika sitima ya ku Entre Lagos ndi mitolo yawo. Onse anapeza pokhala. Ivone yekha anaimirira kutsogolo, atagwira chitsulo cha kuseri kwa woyendetsa, ngati kuimirirako kuwonjezera liwiro.

"Khalani pansi, mayi, mugwa," anafuula a Eusébio atatulutsa mutu pazenera. "Amene akukudikirani ku Mandimbayo sathawa!"

Anthu anaseka. Ivone anakhala pamgolo, naimirira, nakhalanso.

Msewu unali wa maenje okhaokha. M'mbali mwake munali miyala yopaka utoto, yoyera mbali ya msewu, yofiira mbali ya tchire, kukumbutsa aliyense kuti nkhondo inatha koma mabomba amene inakwirira sanathe. Ankadutsa masitolo opanda madenga, ndi pafupi pake timanyumba tatsopano ta udzu wosada. Ivone sankaziwona. Ankawona Feliciano akutukula botolo padzuwa, akumwetulira, akusankha lofiiritsa.

Atayenda kupitirira theka, pamlatho wa mitengo, mtengo umodzi unathyoka pansi pa tayala lakumbuyo. Phwa! Galimoto inapendekeka, mbuzi zinalira, amayi anaitana mayina a oyera mtima. Palibe anavulala, koma katundu yense anayenera kutsika, ndipo mtengo wina unayenera kudulidwa. Amuna a m'galimoto anayang'ana miyala yofiira ija, nayang'anana okhaokha. Anachita kutuma munthu kumudzi wapafupi kuti akaitane odziwa poponda. Pamene mtengo unkafika, dzuwa linali litalowa. Anagona pamsewu pomwepo, ndipo ananyamuka kukucha.

Anafika ku Mandimba dzuwa litakwera kale, ana a sukulu ali m'kalasi yawo ya pansi pa mtengo wa mango. Ivone anadumpha galimoto isanaime bwino. Pathebulo panali Margarita, mwana ali kumsana, ndipo mzere wa mabotolo unali ndi gwelu pakati.

"Wafika? Tinayesa wakwatiwa ku Cuamba."

"Mana, a kuchipatala adutsa?" Ivone anafunsa mkulu wake.

"Kalekale. Ndawathirira ndekha, asanu. Asankha okha ofiiritsa."

"Alamu ali kuti?"

"Apita kumalire. Bwanji kodi?"

Amuna anali akugubuduza mgolo kuchoka m'galimoto. Ivone anawaimitsa pakhomo pomwepo, nathamangira kuseri kwa bafa, nabwera ndi chigubu chake chouma ndi paipi. Anamasula chotsekera, nayamwa paipi mpaka gazolina anamulowa m'kamwa, nalavula, nayamba kudzaza.

"A Eusébio, mupitirira ku Lichinga?"

"Ndikangomwa tiyi."

"Musandisiye."

Margarita anabwera pafupi, natsitsa mawu kuti amuna aja asamve.

"Ukuyesa sindinkachiwona chigubu chimenecho m'nthochi? Ndinkachiwona, Ivone. Chiyambire mvula ija. Ndinakhala chete. Iwenso lero khala chete."

Ivone anatukula maso. Paipi inapitiriza kulira m'chigubu.

"Njinga ikafa, afa nayo ndani?" anapitiriza Margarita. "Aikankha, abwerera, anena kuti yakalamba. Basi. Koma iwe ukakafika ndi chigubu pamaso pa Dona Lúcia uja, mayi wa pakamwa ngati lumo, mawa apolisi ali pakhomo pano."

"M'bokosi muja muli katemera, mana."

"Ndikudziwa chimene chili m'bokosi! Ndili ndi mwana kumsana, usandiphunzitse." Margarita anakonza mwana kumsana. "Zaka zisanu ndi ziwiri tinagona pansi pa pulasitiki. Ukukumbuka mmene ankaliralira mphepo ikamawomba? Tayang'ana malata awo. Sindikuti alamu ako akuchita bwino. Ndikuti tayang'ana malata awo."

Ivone anawayang'ana. Anali kung'anima padzuwa, atsopano, opanda dzimbiri. Pansi pake panali mphasa yake, ndi kabokosi ka zitsulo za bambo ake, ndi munthu yekhayo wa magazi ake amene anatsala pa dziko.

Chigubu chinadzaza. Anachotsa paipi, natseka.

"Ukakwera galimotoyo, alamu ako sadzakutseguliranso chitseko," anatero Margarita. "Ndipo ine sindidzakhala ndi mawu. Wamva?"

"Ndamva, mana."

Galimoto inaliza hutala. Ivone ananyamula chigubu ndi manja awiri, chikumumenya m'mawondo. Atakweza mwendo umodzi patayala anamva wina akumukoka chitenje. Anali Margarita. Nkhope anali atalozetsa kwina, koma m'dzanja anali ndi fanulo ya pathebulo.

"Ukathira ndi chiyani, ndi manja?" anatero mokalipa, namukankhira fanuloyo, nabwerera osacheuka.

Kupitirira Mandimba msewu unayamba kukwera. Galimoto inkabuula pamtunda uliwonse, ndipo Ivone ankailankhula mumtima ngati ng'ombe yaulesi. Maso ake anali pansi, pafumbi, pamene panali mzere umodzi wa tayala la njinga yamoto. Poyamba mzerewo unali wowongoka. Atadutsa mitsinje iwiri unayamba kukhotakhota. Pamtunda wina pambali pake panawoneka mapazi a nsapato zazikulu, ndi kumbuyo kwake mapazi aang'ono. Ankakankha. Pamwamba pa mtundawo mapazi anasowa, mzere unapitirira wokha, ndipo mtima wa Ivone unatsika pang'ono. Pamtunda wotsatira mapazi anabweranso.

Bwanji ngati apatuka kale kulowa kanjira ka kumapiri? Bwanji ngati, pofuna mthunzi, atsikira kuseri kwa miyala yofiira? Anamenya denga la woyendetsa ndi chikhatho.

"Mukufuna ndiiwuluke?" anakuwa a Eusébio.

Anawapeza dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, pamphambano pamene kanjira ka kumidzi kamasiyana ndi msewu waukulu. Njinga inali itatsamira mtengo wa msuku. Dona Lúcia, mayi wamfupi wa magalasi, anali atakhala pamwala, bokosi lili pamiyendo, ataliphimba ndi nsalu yonyowa ndi ambulera, iye mwini ali padzuwa. Feliciano anali atagwada m'fumbi, vela ili m'manja, yakuda bii. Chapatali pang'ono banja lina linkawumba njerwa pafupi ndi bwinja la nyumba yakugwa.

Ivone anatsika ndi chigubu chake. Galimoto inapita, fumbi linakhazikika, ndipo kunangoti zii.

"Achemwali a gazolina!" Feliciano anaimirira, dzanja likupita lokha kuchipewa. "Mwachokera kuti kuno?"

"Ndabweretsa gazolina."

"Ha, mwavutikiranji? Gazolina ndili naye, thanki ili pafupi kudzaza. Ndi injini yandipandukira. Ikugogoda, ikutentha, ikufuka utsi ngati ng'anjo. Chiyambire sinachitepo chotere."

"Khuthulani amene ali m'thankiyo. Tithire uyu."

Feliciano anamasula chigubu, nasuzumira, napendeketsa kuti dzuwa lilowemo. Anapukusa mutu mwaulemu, ngati munthu wokana mphatso ya mwana.

"Uyu ndi woyera ngati madzi, achemwali. Ngati wa mankhwala walephera mapiri awa, uyu afika kuti? Ayi. Nditaye wamphamvu ndithire wofooka?"

"Ndikukupemphani."

"Kapena titere." Anapisa m'thumba la malaya natulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa kodzaza ndi mafuta ofiira. "A Abílio anandigulitsa aka sabata yatha, akuti ka tsiku la mavuto. Tithire konse m'chigubu chanucho, ndiye mwina..."

Ivone anaphimba pakamwa pa chigubu ndi chikhatho.

Njira yonse anali atakonza bodza labwino. Akanati mgolo wakale unalowa madzi, ndipo alamu ake, atazindikira, amutuma kuti athamange. Bodzalo likanasunga denga, likanasunga mkulu wake, likanasunganso nkhope ya Feliciano mmene inalili, yoseka. Koma munthuyu anali ataima apo ndi kabotolo kofiira m'manja, akukakhulupirira ngati madzi odalitsa, ndipo wamukhulupiritsa anali iyeyo.

"Tambasulani dzanja," anatero Ivone.

Anatsegula kampopi ka pansi pa thanki, navula kapaipi, nadonthezera pachikhatho cha Feliciano. Kudzanja linalo anadonthezera wa m'chigubu. Mphepo inawomba. Dzanja la wa m'chigubu linazizira n'kuuma. Linalo linatsala likunyezimira.

"Nunkhizani."

Feliciano ananunkhiza. Nsidze zake zinakumana.

"Ikununkha nyali."

"Ndi palafini. Kufiirako si mankhwala, ndi mafuta a galimoto yakufa. Satsuka kanthu. Mabotolo onse a pathebulo paja ndi otero, chiyambire."

"Sizingatheke. Ine miyezi isanu ndi itatu ndayendera..."

"Inu simunayendepo ndi gazolina wa pathebulo. Wanu ankachokera m'dengu." Ivone anatseka kampopi kaja. "Ndinkapatula ndine, alamu asanasakanize. Ndinkangomudonthezera kufiira kuti musadabwe. Lero kunalibe ine."

Dona Lúcia anatsitsa magalasi mpaka pansonga ya mphuno. Kwa owumba njerwa chikombole chinaleka kulira.

Feliciano anayang'ana kabotolo kaja. Atalankhula, mawu ake anali otsika, ndipo Ivone akanakonda akanakuwa.

"Ndinauza a katekisiti. Ndinauza mphunzitsi uja wa ku Lúrio, njinga yake ili pamiyala mpaka lero. Ndinauza msuweni wanga, anagulitsa fodya wa chaka chonse kuti agule njinga. Onsewo ankabwera kwa ine kudandaula, ine n'kumawauza kuti sadziwa kuyendetsa." Anatembenuza kabotolo m'manja. "Mwandisandutsa wabodza wa Mandimba yense, ine osadziwa."

"Inde."

"Inde basi?"

"Mukangane madzulo," analowerera Dona Lúcia. Anagwedeza bokosi pafupi ndi khutu, ndipo m'kati munamveka madzi. "Mukumva? Theka lasungunuka. Iwe mtsikana, manja akowo amadziwa ntchito kapena amangodziwa kubisa?"

Ivone anagwada pambali pa njinga. Mayi wina wa kwa owumba njerwa, wamtali, matope mpaka m'mawondo, anabweretsa ndowa osafunsidwa. Anakhuthulira m'menemo zonse za m'thanki, zofiira ngati madzi otsukira nyama. Ivone anapempha sipanala, namasula kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti zotsalira zituluke. Anazula phini m'tsitsi lake, napala mwaye wa pavela pang'onopang'ono, naitsuka ndi gazolina woyera, naipemerera. Feliciano ankamupatsira zitsulo osamuyang'ana kumaso. Zala zawo zitakhudzana pa sipanala, onse awiri anazibweza ngati agwira mbale yamoto.

Anaika fanulo, nathira. Gazolina anatsika akulira kulukulu.

Feliciano anaponda chitsulo choyatsira njinga. Njinga inatsokomola n'kukhala chete. Anapondanso. Chete. Kachitatu inaphulika kamodzi, phu, utsi wabuluu n'kutuluka. Ivone anapeza kuti waluma nsonga ya chitenje. Kachinayi, chete. Dona Lúcia anatseka maso, milomo ikuyenda. Feliciano anapukuta thukuta, nayang'ana Ivone koyamba chiwululireni, naimirira pachitsulo ndi thupi lonse.

Inalira. Inabuula, inalavula utsi, inanjenjemera, kenaka mawu ake anayera n'kukhazikika. Ana a kwa owumba njerwa anakuwa ngati chigoli chalowa.

Dona Lúcia anali atakwera kale, bokosi atalimangira pamimba ndi chitenje.

"Za alamu akowo ndikanena kwa akuluakulu," anauza Ivone mokweza kuti apose injini. "Sindibisa, ndipo dzina lako lidzatchulidwa. Usadzati sindinakuuze."

Ivone anagwedeza mutu.

Feliciano anakhala pachishalo, manja pa zogwirira, koma sananyamuke.

"Chinthu chimodzi," anatero. "Pa anthu onse ogula pathebulo paja, chifukwa chiyani ine ndekha?"

Ivone anayang'ana fanulo imene inali m'manja mwake. Makutu anamutentha.

"Mwana wamwamuna iwe," anatero Dona Lúcia akumumenya paphewa, "ukufuna akulembere pakhadi la kuchipatala? Tiye!"

Mayi wa ndowa uja anaseka mpaka anagwira bondo. Pansi pa fumbi nkhope ya Feliciano inasintha kawiri, ndipo Ivone sanathe kuwerenga kuti yaima pati.

"Ndiye mubwerera bwanji ku Mandimba?"

"Ku Mandimba kulibenso kobwerera."

Apo Feliciano anamvetsa. Anayang'ana chigubu chopanda kanthu, nayang'ana msewu umene mtsikanayo anadzera, nayang'ana kumbuyo kwa njinga kumene kunalibe malo a munthu wachitatu.

"Musachoke pano," anatero. "Ndidutsa dzuwa lisanalowe. Mkwiyo wanga sunathe, ndipo sindikufuna kudzaumalizira pamtengo wa msukuwu. Ndikupezeni."

"Tiye, iwe!"

Njinga inalowa kanjira ka kumapiri, ambulera ya Dona Lúcia ikugwedera pamwamba pa bokosi, mpaka udzu unawameza.

Ivone anatsala pamphambano, fanulo kudzanja lino, chigubu kudzanja linalo. Sankadziwa ngati munthu uja adzabwera ndi mawu okoma kapena owawa, ngakhale ngati adzabwera n'komwe. Dzuwa linali pamutu penipeni. Madzulo anali kutali.

"Mwanawe," anaitana mayi wa ndowa uja, "kwanu n'kuti?"

Ivone anatukula dzanja kuloza kummwera, nalitsitsa lisanawongoke.

"Lero sindikudziwa, amayi."

Mayiyo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, osafunsanso.

"Ndiye vula nsapatozo. Dothi likutiumira."

Ivone anavula, nakwinya chitenje, nalowa m'dzenje. Matope anali ozizira, anamumeza mpaka m'akakolo. Anayamba kuponda pamodzi ndi enawo, kumanja, kumanzere, atasankha mbali ya dzenje yoyang'ana kumapiri.